Kusuzumira fayilo musanaitsegule: Windows, Mac kapena Linux?

Lolemba lina m'mawa kunabwera amayi ena pa shopu yanga ya fotokope ku Kalingalinga, flash ataimanga pa mfundo ya chitenje ngati ndalama ya basi. "Mwanawe, ndipulintire kalata ya sukulu ya mdzukulu wanga, ili momwemo." Nditailowetsa m'kompyuta ndinapeza mafayilo oposa 100, mayina ake ofanana ngati mapasa: DOC-20250311-WA0004, DOC-20250311-WA0005, mpaka pansi. Aliyense amene amasunga za pa WhatsApp akuwadziwa mayina amenewa. Ndinafunsa kuti, "Amayi, ndi iti mwa izi?" Iwo amvekere, "Ili ndi chidindo cha buluu." Kumbuyo kwawo kunali ana a UNZA atatu ndi ma assignment awo, ndipo malaiti anali oti athima 10 koloko.

Ndikanati nditsegule imodziimodzi, kudikira, kutseka, kutsegula ina, bwenzi dzuwa litafika paliwombo. Kalatayo ndinaipeza m'mphindi ziwiri chifukwa cha preview, njira yosuzumira m'fayilo osaitsegula m'pulogalamu yake. Windows, Mac ndi Linux onse ali nayo, koma sagwira mofanana, ndipo amene akukugulitsani laputopu m'tauni sadzaitchula n'komwe.

Zimene ndikuyang'ana

Kusuzumira kuli pa mitundu itatu. Pali ma thumbnail, tizithunzi ting'onoting'ono timene timaoneka m'foda. Pali kachigawo ka m'mbali kamene kamaonetsa fayilo imene mwasankha. Ndiye pali kawindo kamene kamatumphuka pamwamba mukadina batani, n'kuzimiranso mukadina kachiwiri. Thumbnail ingakuthandizeni kusiyanitsa chithunzi cha chinkhoswe ndi cha maliro, koma nambala ya NRC kapena ya TPIN simungaiwerenge pamenepo. Pa ntchito ya zikalata, zofunika ndi ziwiri zomalizazo.

Njira iliyonse ndiiyesa ndi mafayilo amene timakumana nawo tsiku ndi tsiku: PDF, Word, Excel, zithunzi za pa foni ndi mavidiyo. Kenako ndiyang'ana zinthu zinayi. Mtengo, kuphatikizapo bundle imene ithe pochita dawunilodi. Kupezeka kwa makina ndi okonza muno mu Lusaka. Kusamalira, kutanthauza zimene muzichita kuti izigwirabe ntchito. Ndi zoopsa zake.

Pa zoopsa ndiimepo pang'ono, chifukwa ambiri amalakwa apa. Munthu amati, "Sindinatsegule, ndangoyang'ana." Koma kuti kompyuta ikuonetseni za m'kati, iyenera kuiwerenga fayiloyo. Wosuzumira mumphika wavundukula ndithu, nthunzi imamuwotcha chimodzimodzi ndi amene akupakula. Mu 2010 vayirasi ya Stuxnet inkalowa m'makompyuta a Windows kudzera pa flash, munthu osadina kanthu: kungotsegula foda, kompyuta poyesa kujambula kachizindikiro ka shortcut, vayirasi yalowa. Bowo limenelo linatsekedwa kalekale, koma khalidwe lake la nkhani silinasinthe. Chachiwiri, kompyuta imasunga tizithunzi tija penapake kuti mawa isavutike kutijambulanso. Flash ya kasitomala yapita, koma kachithunzi ka NRC yake katsala kwa inu.

Windows ndi Preview pane yake

Mu File Explorer, pulogalamu yoonetsa mafoda ndi mafayilo pa Windows, dinani Alt ndi P pamodzi, kumanja kutseguka kachigawo. Yendani ndi mivi ya pa kiyibodi, fayilo iliyonse izionekera pamenepo. Njira imeneyi inabwera ndi Windows Vista mu 2007, ndipo mungaikulitse pokoka m'mphepete mwake ndi mbewa mpaka chidindo cha buluu chioneke bwino.

Mtengo. Yokha ndi yaulere, ili kale m'kompyuta. Koma File Explorer payokha imadziwa mitundu yochepa, ina yonse imabwereka maso kwa mapulogalamu amene mwaika. PDF imaoneka ngati pali Edge kapena Adobe Acrobat Reader. Word ndi Excel zimafuna Microsoft Office, ndipo popanda Office nthawi zambiri mungoona mawu akuti "No preview available". Zithunzi za iPhone, zimene kuyambira 2017 zimasungidwa ngati HEIC, zimafuna kapulogalamu ka HEIF Image Extensions ka mu Microsoft Store, ndipo mnzake wa mavidiyo, HEVC Video Extensions, amene nayenso amafunika kuti zithunzizi zioneke, ndi wogula, pafupifupi dola imodzi. Ndalamayo ndi yochepa, vuto ndi khadi yolipirira pa intaneti imene si aliyense ali nayo.

Kupezeka. Apa palibe wopikisana naye. Ma HP, Dell ndi Lenovo ogwiritsidwa kale ntchito ali mbwee kuyambira Cairo Road mpaka Kamwala, ndipo wokonza Windows mumupeza m'komboni iliyonse.

Kusamalira. Pali tizinthu tiwiri tokwiyitsa. Mukaika pulogalamu yatsopano ya PDF kapena kuchotsa yakale, preview ikhoza kungosiya, chifukwa udindo uja walandidwa kapena watsala wopanda mwini. Kubwezeretsa pulogalamu imene inkagwira ntchitoyo kumakonza. Chinanso, nthawi zina kachigawo kaja kamaigwira fayilo, ndiye mukafuna kuisintha dzina, kuifufuta kapena kuchotsa flash, kompyuta imakana kuti fayilo ikugwiritsidwa ntchito. Dinani Alt ndi P kuti katseke, yesaninso.

Ndiye pali kusintha kwakukulu kwa pa 14 October 2025. Kuyambira ndi ma update a tsiku limenelo, File Explorer inasiya kuonetsa preview ya mafayilo ochokera pa intaneti. M'malo mwake imachenjeza kuti fayiloyo ikhoza kuwononga kompyuta. Microsoft inafotokoza kuti fayilo yokonzedwa mwachinyengo ikanatha, pongoonetsedwa, kutumiza kunja chizindikiro cha password yanu yolowera. Windows imadziwa kuti fayilo yachokera pa intaneti chifukwa browser imaimata chidindo chobisika chotchedwa Mark of the Web. Ngati fayiloyo mukuikhulupirira, dinani kumanja kwa mbewa, pitani pa Properties, chongani Unblock. Kwa munthu wa mafayilo atatu si nkhani. Kwa amene makasitomala ake amatumiza zikalata 40 patsiku pa imelo, ndi ntchito ina yowonjezera.

Zoopsa. Mbiri yake si yoyera. Mu March 2020 Microsoft yomwe inalangiza anthu kuzimitsa Preview pane kwa kanthawi chifukwa cha bowo la m'mafonti, ndipo mu 2022 bowo lotchedwa Follina linkatheka kulowedwa ndi fayilo ya RTF, mtundu wa chikalata umene Word imatsegula, yongoonetsedwa m'kachigawo kaja. Onse awiri anatsekedwa ndi ma update, ndiye amene amazimitsa ma update pofuna kusunga bundle adziwe chimene akusinthanitsa.

Koma chimene chimatikhudza kwambiri kuno ndi ichi. Chidindo cha Mark of the Web chimakhala pa disiki ya mtundu wa NTFS yokha. Ma flash ambiri ndi a FAT32 kapena exFAT, ndipo fayilo ikakoperedwa pamenepo chidindo chimatsala. Ndiye kuti mlonda wa 2025 uja waima pa khomo la intaneti, pamene alendo athu ambiri amalowera pa khomo la flash, imene yadutsa m'makompyuta asanu isanafike kwa inu. Aliyense amene anaonapo mafoda ake atasanduka ma shortcut akudziwa chimene ndikunena. Yatsani "File name extensions" mu View kuti muziona ngati chotchedwa CV chikuthera ndi .pdf kapena ndi .exe, imene ndi pulogalamu osati chikalata.

Ponena za tizithunzi totsala, Windows imatisunga m'mafayilo a thumbcache. Tsegulani Disk Cleanup, chongani Thumbnails, fufutani.

Mfundo yomaliza pa Windows: tsiku lomwelo la 14 October 2025 ndi limene Windows 10 inasiya kulandira chithandizo cha nthawi zonse. Mu 2025 Microsoft inalengeza ndondomeko ya ESU yowonjezera ma update a chitetezo mpaka October 2026 kwa amene alembetsa. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena yofanana nayo, ndipo malaputopu ambiri otchipa a m'tauni safika pamenepo. Funsani m'badwo wa purosesa musanapereke ndalama.

Windows yowonjezeredwa: Peek ndi QuickLook

Amene akufuna kawindo kotumphuka pa Windows ali ndi njira ziwiri zodziwika. Peek ili m'gulu la PowerToys la Microsoft, inalowa mu 2023, ndipo inayamba ndi mabatani a Ctrl ndi space bar, amene mungawasinthe. QuickLook ndi pulogalamu ya anthu odzipereka yotengera kachitidwe ka Mac, imagwira ndi space bar yokha.

Mtengo. Zonse ndi zaulere, koma PowerToys ndi yolemera, ma MB mazana angapo, ndipo imatulutsa yatsopano pafupipafupi. Chitani dawunilodi pa Wi-Fi kapena pa bundle ya usiku. QuickLook ndi yopepuka kuposa.

Kupezeka. Zonse zili mu Microsoft Store ndi pa GitHub. Musatenge kwina. Dzina lakuti QuickLook ndi losavuta kulinamizira, ndipo masamba aja odzaza ndi mabatani obiriwira a "Download" ndi khomo la mavuto.

Kusamalira. PowerToys imabwera ndi zida zambirimbiri zimene simuzifuna. Pa laputopu ya RAM ya 4 GB zimitsani zonse, musiye Peek ndi File Explorer add-ons, zimene zimawonjezera preview ya PDF, SVG ndi mafayilo a ma code. Pa QuickLook, mitundu ina ya mafayilo imafuna ma plugin apadera, timapulogalamu towonjezera, ndipo aliyense ali ndi mwini wake amene angatope n'kuusiya.

Zoopsa. Pulogalamu iliyonse yowonjezera ndi diso lina lowerenga mafayilo a alendo, ndipo iyenera kukhala ya makono. Loko wa October 2025 ndi wa File Explorer, musaganize kuti pulogalamu ina iliyonse imamutsatira. Ubwino wake ndi woti chithunzi chimadzaza sikirini, mumaona ngati sikani yapendekeka musanawononge pepala ndi inki, ndipo za m'kati mwa zip mumaziona osamasula.

Mac ndi Quick Look

Ndinene mosabisa: pa kusuzumira kokha, Mac ndiye mwini wake wa gule. Quick Look inabwera mu October 2007 ndi Mac OS X Leopard. Sankhani fayilo mu Finder, File Explorer ya pa Mac, dinani space bar, yaonekera. Dinani muvi, yotsatira yaonekera. PDF mumaiwerenga masamba onse, vidiyo ndi nyimbo zimalira pomwepo, HEIC siifunsa kanthu, ndipo Word ndi Excel zimaoneka ngakhale mulibe Office. Kuyambira macOS Mojave ya 2018 mungathe kutembenuza chithunzi, kuchidula kapena kusaina PDF muli m'kawindo komweko. Mukasankha zithunzi 20 pamodzi, imatha kuziyala zonse pa tsamba limodzi.

Mnzanga wina wojambula maukwati ku Chelstone amasankha zithunzi mazana ndi chala chimodzi pa space bar ndi china pa muvi, tiyi ali kudzanja lina. Ndikamuyang'ana ndimachita kaduka pang'ono.

Mtengo. Quick Look ndi yaulere, Mac yake ndiye ayi. Ngakhale yogwiritsidwa kale ntchito imadula kuposa laputopu ya Windows ya mphamvu zofanana, ndipo chaja, sikirini ndi batire zake zimatsatira mtengo womwewo.

Kupezeka. Amapezeka mu Lusaka, koma okonza odalirika ndi owerengeka, ndipo chipangizo china mungadikire kuti chichokere kunja. Ngati muli ndi pulinta kapena makina a fotokope akale, yesani kaye ngati Mac ikuwazindikira. Chenjeraninso ndi ma Mac a purosesa ya Intel amene akutsika mtengo: Apple inalengeza mu 2025 kuti macOS 26 Tahoe ndi yomaliza kwa iwo. A purosesa ya Apple yomwe, kuyambira M1 ya mu 2020, ndi amene ali ndi tsogolo, ndipo batire yawo imapirira maola a mdima bwino kwambiri.

Kusamalira. Pafupifupi kulibe. Amene anali ndi ma plugin akale a Quick Look anawataya ndi macOS Sequoia ya 2024, ayenera kufuna a mtundu watsopano. Zip siionetsa za m'kati popanda chowonjezera. Ndipo musapulinte mokhulupirira mmene Word yaonekera mu Quick Look, chifukwa mafonti ndi matebulo nthawi zina amasuntha. Ndi yopezera fayilo, si yoyezera tsamba.

Kanthu kena ka pa flash: Mac imasiya timafayilo tobisika toyamba ndi kadontho ndi kamzere, monga ._kalata.pdf. Pa Windows timaonekera, sititseguka, ndipo kasitomala amabwerera kudzanena kuti mwamupatsa vayirasi. Si vayirasi. Hard drive ya NTFS nayo Mac imaiwerenga koma siilembapo.

Zoopsa. Ma .exe a pa flash sagwira pa Mac, koma Mac siwachotsanso, imangowadutsitsa kwa wotsatira. Mu 2018 akatswiri a chitetezo Wojciech Reguła ndi Patrick Wardle anaonetsa kuti tizithunzi ta Quick Look tinkatsala pa Mac ngakhale fayilo yake inali pa disiki yokhoma kapena pa flash yochotsedwa kale. Lamulo lakuti qlmanage -r cache, lolembedwa mu Terminal, kawindo kolembamo malamulo, limafufuta nkhokwe imeneyo.

Linux

Linux ilibe yankho limodzi, zimadalira mtundu umene mwaika. Pa GNOME, desktop imene mitundu ya Linux ya Ubuntu ndi Fedora imagwiritsa ntchito, pali Sushi, ya mu 2011, imene imagwira ndi space bar ngati Mac. Ngati mulibe, pa Ubuntu lembani sudo apt install gnome-sushi mu Terminal. Pa Linux Mint ntchitoyi ndi ya nemo-preview. Pa desktop ya KDE, pulogalamu ya mafoda yotchedwa Dolphin imatsegula kachigawo ka m'mbali ndi F11.

Mtengo. Palibe laisensi. Bundle yokha: Mint ndi pafupifupi 3 GB, Ubuntu 24.04 pafupifupi 6 GB. Flash imodzi yokonzedwa imakwanira makompyuta a ofesi yonse.

Kupezeka. Imayenda pa malaputopu omwe aja amene Windows 11 yawakana. Chosowa ndi munthu. Okonza ambiri a m'tauni mukawapatsa kompyuta ya Linux, mankhwala awo ndi kuifufuta n'kuikamo Windows. Khalani ndi wina wodziwa, kaya mwana wa computer science, musanasamuke.

Kusamalira. PDF, zithunzi, mavidiyo ndi nyimbo zimaoneka bwino. Word ndi Excel ndiye pofooka pake: Sushi imadalira LibreOffice, pulogalamu yaulere yofanana ndi Office, kuti iyambe yasandutsa chikalatacho, ndipo pa makina akale mumadikira ndithu, mwinanso mafonti asintha. HEIC ingafune kaphukusi kowonjezera. Ubuntu ya LTS, ya chithandizo cha nthawi yaitali, imalandira ma update zaka 5.

Zoopsa. Vayirasi ya ma shortcut pano imangooneka ngati fayilo wamba yopanda mano, mumaiona n'kuifufuta. Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene ndimaikondera. Si kuti ilibe mabowo: mu 2017 kunapezeka lina m'kapulogalamu kojambula ma thumbnail a mafayilo a Windows, ndipo chaka chomwecho GNOME inayamba kutsekera ntchito yojambula tizithunzi m'khola lake lake kuti ikalumidwa isafalitse. Tizithunzi totsala tili mu foda ya .cache/thumbnails, mungaifufute nthawi iliyonse.

Ndani atenge iti

Mwana wa sukulu amene ali ndi laputopu ya Windows 11 ndi ma slides a lecturer osawerengeka: musagule kanthu. Alt ndi P, ndipo ma PDF amene mwatenga ku malo odalirika a sukulu muwachite Unblock. Mukapeza Wi-Fi ikani QuickLook kapena Peek, imodzi yokha, osati zonse.

Wa mu ofesi ya maakaunti, ya maloya kapena ya bungwe, amene amalandira ma invoice ndi ma CV kwa anthu osawadziwa: khalani pa Windows 11 ndi Office, ma update oyaka, ndipo loko wa mafayilo a pa intaneti musamuzembe. Ngati kompyuta ili pa netiweki ya kampani, funsani a IT musanaike zowonjezera. Kuba password yolowera kumene Microsoft inkatseka kumaluma kwambiri m'malo ngati amenewa.

Wojambula zithunzi, wa mavidiyo kapena wopanga ma poster, amene tsiku lake limathera posankha pakati pa zithunzi zofanana: Mac ya M1 kapena yatsopano ibweza ndalama yake, ndipo ikugwirirani ntchito malaiti atathima. Ngati thumba silikulola, Windows ndi Peek zikufikitsani pafupi. Koma amene ntchito yake ndi makalata ndi Excel asagule Mac chifukwa cha space bar.

Amene ali ndi laputopu yakale ya Windows 10 yosatheka kukwezedwa: lembetsani ESU ngati ikadalipo kuti mupume kwa kanthawi, kapena ikani Mint tsopano. Ngati mwasankha kukhala pa Windows 10 popanda ma update, Preview pane ikhale yotseka mukalowetsa flash ya munthu wina. Ndipo tsiku logulitsa laputopu iliyonse, kufufuta mafoda sikokwanira, ichiteni reset yonse.

Wa shopu ya fotokope kapena internet café ngati ine, amene flash iliyonse ya mu Mtendere ndi Kalingalinga imadutsa m'manja mwake: makompyuta awiri. Pa kauntala ndinaika laputopu yakale ya Mint imene batire yake ikugwirabe, ndipo flash iliyonse imayamba kulowa mmenemo. Ndimapeza fayilo ndi space bar, kasitomala akuona nane pa sikirini, "ndi iyi, amayi?" Ikakhala PDF kapena chithunzi ndimapulinta pomwepo. Ikakhala Word yofuna kukonza, ndimakopera fayilo imodziyo kupita ku kompyuta ya Windows ya kumbuyo, imene flash ya mlendo siigunda. Loweruka lililonse potseka ndimafufuta ma thumbnail ndi foda ya Downloads m'makina onse awiri. Zambia ili ndi Data Protection Act ya 2021, ndipo ma NRC, ma payslip ndi makalata a kuchipatala amene anthu amabweretsa kudzapulinta si anga kuti ndizisunga. Amayi a chidindo cha buluu aja ndisanawabwezere flash ndinaisintha dzina fayilo yawo kukhala KALATA YA SUKULU, zilembo zikuluzikulu.